Sienta yanga ndi mitengo yake iwiri

Galimoto yakale imakhala ndi mitengo iwiri. Pali mtengo umene dealer amatchula akangoizungulira kamodzi n'kumenya tayala ndi phazi. Palinso mtengo umene ungaupeze wekha ukaiika pa Facebook n'kudikira. Wachiwiriwu umakhala wokwera, n'chifukwa chake aliyense amene ungamufunse amati gulitsa wekha, usalemeretse ma dealer. Ine malangizo amenewa sindinawatsatire, ndipo ndikufuna ndikuonetseni masamu ake.

Yanga inali Toyota Sienta, 1500cc, ya mipando 7. Ndinaigula nditagwira ntchito zaka zitatu chimalizireni ku yunivesite. Mkati mwa sabata inkandifikitsa kuntchito muno mu Lilongwe, koma Lachisanu likakwana inkasanduka nyumba. Ndinkapinda mipando yakumbuyo n'kuyala matiresi. Munali makatani, kasitovu ka gasi, batire ndi kasola kotchajira foni. Senga Bay, Cape Maclear, Nkhata Bay, konseko ndagonako osalipira chipinda. Azungu amene amadutsa kuno pa ma Land Cruiser a tenti padenga amaitcha camper galimoto yotere. Yangayi inali camper ya munthu wodikira malipiro a pamwezi.

Koma ndine wamtali, ndipo masiku ano maulendo amenewa timayenda awiri. Maso anga anagwera pa Toyota Noah, yotakasuka mkati. Funso linali loti Sienta ichoke bwanji.

Payadi yoyamba Noah inali pa K19 miliyoni. Bambo wa pamenepo anayang'ana injini, anasuzumira mkati, n'kuti: “Bwana, iyi tiiwerengera 9. Muwonjezere 10 mutenge Noah lero lomwe.” Ine mumtima ndinali nditaiika pa K12 miliyoni. Nditawaonetsa sola ndi makatani anaseka. “Izi kachotseni. Wogula Sienta akufuna mipando, osati bedi.” Sankanama. Sienta zambiri m'dziko muno zimanyamula anthu pakati pa matauni, ndipo mwini wake amawerenga mitu. Zimene unaikamo ndi chikondi, pamsika zilibe mtengo.

Ndiye ndinayesa njira inayo. Ndinaiika pa status ya WhatsApp ndi m'magulu awiri a Facebook. Foni sinapume. Ena amangolemba kuti “last price” osapereka ndi moni yemwe. Madobadoba amati ali ndi kasitomala wotsimikiza, bola ndiwasiyireko kangachepe. Wina anabwera, anaiyendetsa mpaka ku Area 25 ndi kubwerera pa mafuta anga, n'kunena kuti akafunse kaye madam. Ndiye pali mantha aja amene tonse tili nawo, a uthenga wa pafoni wooneka ngati ndalama zalowa pamene ku akaunti kulibe kanthu.

Zonsezi munthu ukhoza kupirira. Imene inandisowetsa tulo ndi foni ya amalume anga.

“Mphwanga, ndaona pa status. Galimoto imeneyi isatuluke m'banja. 12 yakoyo sindikukana. Ndikupatsa 5 pano, yotsalayo fodya akagulitsidwa.”

Apa n'kuti tili mu September. Msika wa fodya ku Kanengo umatsegulidwa cha mu April. Amalumewa ndi amene anandilipirira fizi chaka changa chachiwiri, bambo atadwala. Si munthu wakuba, ndipo akanalipira ndithu. Koma taganizani miyezi isanu ndi iwiri ya kukumana pamaliro ndi paukwati, aliyense akudziwa za K7 miliyoni, wina osaitchula. Amati chibale ndi fupa, sichiwola. Ngongole ikalowapo, fupalo limayamba kubaya.

Pali ndi nkhani ya blue book. Galimoto imakhalabe yako mpaka umwini utasinthidwa ku Road Traffic. Munthu amene sanamalize kulipira sungamusinthire dzina. Koma ikakachita ngozi itanyamula anthu, dzina limene apolisi ndi a inshuwalansi akalipeze ndi lako. Ndiye ukhala wopanda galimoto, wopanda ndalama zonse, koma mlandu uli nawo.

Chachikulu pa zonse ndi nthawi. Kuno galimoto sitipanga. Zambiri zimachokera ku Japan, zimatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe ku Karonga. Mtengo wa ku Japan ndi wa madola, ndipo sitima nayonso ndi ya madola. Pomwe iwe ukagulitsa yako umalandira makwacha. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwanso ndi 44 peresenti, dola imene inali pafupifupi K1,180 n'kufika cha pa K1,700. Munthu amene anagulitsa galimoto yake mu October chaka chimenecho, n'kusunga ndalama kubanki akufunafuna ina modekha, anadzuka tsiku lina ndalama zakezo zisakukwananso kugula ngakhale yomwe anagulitsa ija. Amene tinaona zimenezi sitiiwala. Ubwino wa swap ndi woti umagulitsa ndi kugula tsiku limodzi, pa kwacha imodzimodzi.

Sindikunena kuti dealer ndi mnzako ayi. Iye amagula motchipa kuti akagulitse modula, ndiyo ntchito yake. Chimene ndinaphunzira pozungulira mayadi n'chakuti mtengo umene akuipatsa galimoto yako usakusangalatse kapena kukukwiyitsa. Yang'ana ndalama yowonjezera basi. Payadi yachiwiri anandiuza kuti Sienta aiwerengera K10.5 miliyoni, mtima unachita kuti myaa. Kufunsa Noah yofanana ndi ija, K20.5 miliyoni. Yowonjezera ndi 10 yomwe ija, angoiveka malaya ena.

Ndinabwerera koyamba kuja ndi makaniko wanga. Anaikweza Noah, anapeza kuti matayala awiri atha ndipo ma shock akumbuyo akudontha. Tinakambirana mpaka yowonjezera inatsika kufika pa K9 miliyoni. Ndikanagulitsa ndekha pa 12 n'kugula pa 19, ndikanawonjezera 7. Ndiye kuti swap yandidyera K2 miliyoni. Ndi ndalama zambiri, lendi ya miyezi ingapo, ndipo sindikufuna kunamizira kuti sizinandiwawe. Koma ndikudziwa chimene ndagula nazo: sindinayende wapansi ndi tsiku limodzi lomwe, sindinasunge makwacha akusungunuka m'manja, ndipo palibe m'bale amene ali nane ngongole. Makiyi sindinapereke mpaka titalemberana pepala losonyeza tsiku ndi ola limene Sienta yachoka m'manja mwanga, ndipo za kusintha umwini ndinazilondola mpaka zitatheka.

Kugulitsa wekha kuli ndi malo ake. Ngati uli ndi njira ina yoyendera, wogula ndi mlendo wa ndalama zonse, mwakumana kubanki, ndipo galimoto imene ukufunayo yakudikira pa mtengo wogwirizana kale, gulitsa wekha, udye phindu lako. Ine zinthu zinayi zimenezi sizinakumane.

Amalume ndinawaimbira ndekha, asanamve kwa ena. Ndinati: “Amalume, pepani, galimoto ija ndasinthitsa. Ndimafuna ina mwachangu.” Anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa kuti yatsopanoyo imanyamula angati. Nditati 8, anati ndiye pa Khirisimasi ndidzawatenge onse kupita kumudzi.

Ndavomera. Matiresi ndidzayamba ndawatsitsa.