Chigamba Chimene Palibe Amachiona

Anthu a ku Chitungwiza amadziwa kuwawa kwa chinthu chosakonzedwa pa nthawi yake. Mliri wa kolera umene unapha anthu opitirira 4,000 m'dziko la Zimbabwe unabuka m'tauni yomweyi mu Ogasiti 2008, mapaipi a zonyansa ataphulika ndiponso madzi aukhondo atasowa. Mapaipiwo sanaole tsiku limodzi.

Seva, kompyuta yaikulu imene imasunga kaundula wa odwala kapena mayina a ana amasiye olandira thandizo, nayonso imakalamba, koma mwakachetechete. Pulogalamu iliyonse imakhala ndi ming'alu imene akuba angalowerepo. Eni pulogalamuyo akapeza mng'alu amatulutsa chigamba choutsekera. Kuyambira mu Okutobala 2003, kampani ya Microsoft imatulutsa zigamba zake Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse. Kale inkazimanganso m'mitolo yotchedwa service pack, monga wa Windows XP wa mu 2004.

Vuto lake n'lakuti chigamba chikalengezedwa, akubanso amadziwa pamene pali mng'alu. Pa 14 Malichi 2017, Microsoft inatulutsa chigamba china chofunika kwambiri. Pa 12 Meyi, kachilombo ka WannaCry kanalowa m'makompyuta amene anali asanachilandire m'mayiko pafupifupi 150, n'kutseka mafailo ndi kufuna dipo. Ku Britain zipatala zinalephera kuona odwala pafupifupi 19,000 pa masiku amene anapangana. Mankhwala analipo kwa miyezi pafupifupi iwiri, koma anali asanamwedwe.

N'kosavuta kuloza chala katswiri wa makompyuta, koma taganizirani mnyamata wosamalira seva ya kabungwe kena ku Zengeza. Kuti chigamba chigwire, seva iyenera kuzimitsidwa ndi kuyatsidwanso, ndipo abwana safuna kumva zoti ntchito iime masana. Akati achite madzulo, magetsi athima; mu 2019, madzi atachepa ku Kariba, ankathima mpaka maola 18 pa tsiku. Seva ikazima chigamba chili pakati, mwina siidzukanso. Choncho iye amayamba wakopera zonse pambali, n'kuyesa chigambacho pa kompyuta ina, ndipo nthawi zambiri amathera Loweruka lake mu ofesi. Zikayenda bwino palibe amadziwa n'komwe.

Gwero lenileni la vutoli lili m'bajeti. Opereka thandizo amakonda kugula makina atsopano, poti amajambulika bwino pa tsiku lowapereka, koma ndalama za intaneti, mabatire ndi malaisensi a zaka zotsatira sizilembedwa kawirikawiri. Seva ya Windows Server 2003 inasiya kulandira zigamba za mwezi ndi mwezi mu Julaye 2015; ngakhale ikuyakabe, pafupifupi mng'alu uliwonse watsopano umakhala chitsegukire.

Chikhalirecho, lamulo loteteza zinsinsi za anthu limene Zimbabwe inakhazikitsa mu 2021, loyang'aniridwa ndi POTRAZ, limaika udindo pa bungwe losunga zinsinsizo. Mayi wa ku St Mary's amene analembetsa dzina lake ndi matenda ake sanaionepo sevayo, ndipo sangafunse kuti inalandira liti chigamba chomaliza.