Kalata kwa Mphwanga wa Kabaza ku Ndirande

Wokondedwa mphwanga,

Mayi ako andiuza kuti wayamba kabaza wa njinga yamoto, kunyamula anthu pakati pa Ndirande ndi Ginnery Corner. Ndakondwa. Koma pali chinthu chimodzi chimene unamwino unandiphunzitsa, ndipo ndikufuna uchidziwe msanga.

Pangozi anthu amathamangira amene akukuwa, magazi ali chuchuchu. Ine ndimaopa uja wadzuka yekha, wasasa fumbi, nkumati ali bwinobwino. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Fupa la ntchafu likathyoka, lita yathunthu itha kutayikira mkati, kunja osaoneka ndi dontho lomwe. Mimba ndi chiuno zimabisa ochuluka kuposa apo. Anyamata amsinkhu wako ndiye amapusitsa zedi: thupi limalimbalimba, BP nkumaoneka yabwino, kenako munthu nkungogwa mwadzidzidzi.

Ndiye uziyang'ana izi: mtima kuthamanga munthu ali khale, kupuma mwabefu, thukuta lozizira, zikhatho ndi mkati mwa zikope kuyera, ludzu losatha, chizungulire akaimirira. Akayamba kusakhazikika kapena kuyankha zosokonekera, usafulumire kunena kuti waledzera. Ubongo ukuperewera magazi.

Usamale kwambiri ndi amene handulo yamugunda kumanzere, mmunsi mwa nthiti. Pamenepo pali kapamba, ndipo kapamba wotupa ndi malungo sachedwa kuphulika. Ululu wake nthawi zina umamvekera paphewa lamanzere, pomwe sipanakhudzidwe nkomwe. Womenyetsa mutu nayenso atha kucheza nanu bwinobwino, patapita maola nkuyamba kusanza, mutu waukulu ndi kusinza. Ameneyo si womusiya kuti agone, muona mawa.

Wovulala amene akuonetsa zizindikiro zimenezi mumugoneke pansi, mumufunditse. Musamupatse madzi ngakhale adandaule, kapena chakudya, pakuti mwina akalowa ku opaleshoni. Aspirin ndi brufen ayi, amawonjezera kutaya magazi. Mupeze galimoto, osati njinga, molunjika ku Gulupu, ku Queens, chifukwa bala lamkati silimangidwa ndi bandeji. Ukafika, uwauze achipatala nthawi imene ngozi yachitika ndi malo amene wagundidwa.

Magazi amene amaika anthu otere amachokera kwa anyamata ngati iwe. A Malawi Blood Transfusion Service ali mu Blantyre momwemo. Utenge anzako apasiteji mukapereke. Helimeti uzivala, wokwera naye uzimuveka.

Upereke moni kwa apongozi ndi ana.

Ndine malume ako,
kuno ku Machinjiri