Mzere uliwonse ndi mlonda wake

Ndimalemba mapulogalamu m'chilankhulo cha OCaml, mdzukulu wa ML imene Robin Milner ndi anzake anaipanga ku Edinburgh m'zaka za m'ma 1970. Kwathu kuno ntchito yobwerezabwereza timaipatsa function yodziitana yokha. Ndiyo recursion imeneyo. Kuipa kwake, kuitana kulikonse kosamalizika kumasiya kanthu pa stack, ngati mbale zosatsuka zongosanjikizana, ndipo pa Linux, OCaml 5 isanabwere, malowo nthawi zambiri ankakhala 8 MB basi. Chotipulumutsa ndi tail call: function ikadziitana pomalizira penipeni, popanda china chodikira, compiler siwonjezera mbale. Izi ndinkazidziwa, ndipo ndinkayenda nazo monyada.

Tsiku lina ndinalemba kafunction kowerenga fayilo mzere ndi mzere. Ikafika kumapeto, input_line imaponya exception yotchedwa End_of_file, choncho ndinakulunga zonse mu try, kudziitana komwe. Pa kafayilo kanga koyesera zinayenda myaa. Kasitomala atabweretsa yake ya mizere mamiliyoni, pulogalamu inagwa chagada: Stack_overflow. Ndinayang'anitsitsa timizere tisanu ta code yanga mpaka tiyi anazizira m'kapu. Ndi maso, kuitana kuja kunalidi komaliza. Chimene ndinaiwala n'chakuti try imaimika mlonda wodikira exception, ndipo mlondayo sachoka mpaka function itabwerera. Ndiye kuti china chodikira chinalipo. Mzere uliwonse unali ndi mlonda wake, onse ali chiimire pa stack.

Mankhwala ake anali kale m'chilankhulocho kuyambira pa OCaml 4.02 ya 2014: kulemba match yokhala ndi nthambi ya exception. Mlonda amayang'anira kuwerenga mzere umodziwo n'kuchoka, kudziitana kumachitika iye atapita.

Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti compiler yomweyi, imene imandikalipira ndikasakaniza int ndi float, inangokhala duu. Type ya input_line imati ukaipatsa channel ikupatsa string, za exception sitchulako. Hashtbl.find nayonso imaponya Not_found mosachenjeza. N'chifukwa chake ndinasamukira ku find_opt, yomwe imabweza None poyera, ndipo compiler imandikumbutsa ndikaiwala kuisamalira.

Pa mitengo ya deta nkhani ya stack ija imakula. Nthambi ndi ziwiri, ndiye ukatsikira kumanzere, kumanja kukudikira; tail call wamba sikwanira. Apa ndimatulutsa continuation. M'malo mobweza yankho, function imalandira function inzake yonena kuti ukamaliza uchite chakuti. Zodikira zonse zimachoka pa stack n'kukakhala pa heap, kumene malo ndi ambiri. Code yake siikongola, tisanamizane, ndipo mnzanga wa ntchito akaiona amayamba wapumira m'mwamba. Koma ndi imene inanditsegula maso pa exception. Ukapatsa function ma continuation awiri, wina wa zikayenda wina wa zikakanika, waipanga wekha exception, ndipo ulendo uno ikuonekera mu type.

Standard ML of New Jersey ili ndi callcc, yogwira continuation ya pulogalamu yonse n'kukupatsa m'manja. Ine ndimaiopa. OCaml 5.0 ya mu Disembala 2022 inabweretsa ma effect handler, amene continuation yake umaipitiriza kamodzi kokha. Ndawayesa, ndi okoma. Koma nawonso saonekera mu type, moti sabata yoyamba yomwe ndinaiwala handler, pulogalamu n'kundigwera ndi Effect.Unhandled, compiler ili chete ngati kale lija.