Bedford yopanda mphuno

Ndinakapeza pansi pa katoni, katasakanikirana ndi mafoloko, makiyi opanda maloko ndi mawaya a wailesi zakufa. Kunali ku msika wa Lamulungu m'mawa kunja kwa tauni ya Luton, misika ija Angelezi amabwera ndi galimoto zawo, n'kutsegula buti, n'kuyala pansi chilichonse chimene chawatopetsa m'nyumba. Ife timangoti kaunjika wa azungu. Ndinapitako kukafuna njinga ya mwana wanga wamkazi, nditangoweruka shifiti ya usiku, maso akulemera ndi tulo. Njingayo sindinaipeze. Ndinabwerako ndi kalole kachitsulo kotalika masentimita 10, kopanda matayala awiri, kopanda tenti yakumbuyo, ekiselo yakutsogolo itapindika. Wina, mwina mwana wa m'zaka za m'ma 1960, anakapaka penti yofiira ya zitseko pamwamba pa mtundu wake wausilikali. Nditakatembenuza ndinawerenga kuti Dinky Toys, 623. Mayi wogulitsayo anati mapaundi awiri, ndipo sindinanenerere n'komwe.

Chimene chinandikoka si dzinalo. Inali nkhope yake. Malole ambiri akale ali ndi mphuno yaitali kutsogolo, mmene mumakhala injini, koma aka kanali kophwatalala ngati wina anakamenya ndi thabwa kumaso. Nditangokaona ndinamva mawu a agogo anga aamuna, abambo awo a amayi, amene anatisiya mu 1993.

Kwathu kufupi ndi Thondwe, ku Zomba, ine ndinali katswiri wa galimoto zamawaya. Matayala tinkadula ku masilipasi otha, mawaya tinkasolola pa mpanda wa esiteti mlonda akagona, ndipo chiwongolero chinkafika m'chiuno. Tsiku lina ndinapanga lole n'kulengeza pabwalo kuti ndi Bedford ya asilikali. Agogo anali pakhonde akusoka mphasa. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, Bedford yanji ya mphuno ngati nkhumba? Yanga inalibe mphuno. Injini ndinkakhala nayo m'kati momwemo, pambali pa mwendo wamanzere, ikundiwotcha ngati mbaula."

Anandilanda, napinda mawaya akutsogolo ndi zala zawo zouma zija mpaka mphuno inatha, n'kundibwezera. Za ku Burma zimene ndinamva pakamwa pawo ndi zomwezo basi. Anzawo ankasimba pamowa mpaka usiku, iwo ayi.

Zotsalazo ndinazipeza m'mabuku ndili kale ndi ndevu. Asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles anali m'gulu lalikulu lotchedwa 11th East African Division. Mu 1943 anawoloka nyanja kupita ku Ceylon kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango, ndipo mu 1944 analowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ili pachimake, akukankha asilikali a Japan mpaka anafika ku Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, mu Disembala. Chigwacho chinatchuka ndi malungo ndi matope. Lole yopanda mphuno ija ndi Bedford QL, yonyamula matani atatu, yokoka ndi mawilo onse anayi. Kampani ya Vauxhall inapanga malole otere oposa 50,000 pakati pa 1941 ndi 1945, ndipo kampaniyo inali konkuno ku Luton. Ndakhala zaka 11 m'tauni imeneyi, ndikudutsa pa Kimpton Road pabasi, osaganizako kuti lole ya agogo kwawo n'kuno.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli bambo wina wa zaka zoposa 80 amene ali ndi kabati yodzaza ndi tigalimoto ta Dinky, tina tikadali m'mabokosi ake achikasu. Ndinamutengera kalole kanga, n'kumuuza zimene ndinkafuna: kukasandutsa lole ya agogo monga inalili ku Kabaw, ya matope, ya lona yothothoka. Anakagwira m'manja monjenjemera, napukusa mutu. Anati fakitale ya Meccano ya pa Binns Road ku Liverpool inatsekedwa mu 1979, ndiye tigalimototi sitidzabadwanso, ndipo chaka chilichonse tikucheperachepera. Anandilangiza kuti ndikabwezere mmene kanatulukira m'fakitale m'zaka za m'ma 1950: penti yobiriwira yosalala, tenti yamalata, matayala atsopano. Zimene ndinkafuna inezo osonkhanitsa zidole amazitcha Code 3, kutanthauza chidole chimene munthu wasintha yekha popanda chilolezo cha eni kampani. Anatchula dzinalo ngati akutchula matenda.

Mfundo yake ndinaimva, ndipo kakanakhala kalole kabwinobwino sindikanakakhudza. Amene amatenga chidole chosungika bwino cha zaka 70 n'kuchiboola kuti asangalatse mtima wake ndi wowononga, palibenso dzina lina. Koma kangaka penti yake yoyamba inali itafa kale pansi pa yofiira ija. Ngakhale ndikanakabwezera mwaluso bwanji, ikanakhalabe penti yanga yonamizira kuti ndi ya ku Liverpool. Ndinaona kuti ngati kaloleko kayenera kuvala penti yanga, bola ikhale yonena za kwathu.

Ntchito ndinkaigwira patebulo la kukhitchini, masana ana ali kusukulu, nthawi imene ndimayenera kukhala ndikugona. Poyamba kuphwasula. Tigalimototi anatimanga ndi mariveti, palibe sikuluwu yomasula, choncho umaboola mutu wa riveti pang'onopang'ono mpaka kachitsulo kam'munsi katatakasuka. Nsonga za ekiselo anazifinya kuti mawilo asatuluke, ndiye umazipala ndi fayilo. Matayala awiri otsala aja anali atauma ngati chikopa cha ng'oma yakale, anangophwanyika m'manja. Amenewo sanandidetse nkhawa, pali anthu amene amaumbabe matayala atsopano a Dinky n'kumagulitsa pa intaneti.

Pochotsa penti ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinaviika thupi lonse mu kositiki soda, yemwe uja amayi ena amapangira sopo, wosungunula m'madzi otentha. Pafunika mphindi zochepa chabe. Ine ndinakhala pampando kuti ndidikire, tulo n'kundiba. Chitsulo cha tigalimototi ndi zinki wosakaniza ndi aluminiyamu pang'ono, ndipo soda akamaliza kudya penti amayamba kudya chitsulocho. Nditadzidzimuka, kaloleko kanali katada bii, chitseko chakumanzere chitachita timabowo ngati nkhope ya munthu wodwalapo nthomba, timizere ta zogwirira zitseko titafufutika. Kanapirira ana a eni ake zaka zonsezi, ine n'kukavulaza masana amodzi. Bambo wa kuntchito uja sindinamuuze. Ndinamata timabowoto ndi Milliput, phala lija umakanda mitundu iwiri pamodzi n'kuuma gwa ngati mwala, kenako sandipepa wa m'madzi kwa masiku atatu. Timabowo tiwiri ndinatisiya dala, popeza lole ya kunkhondo sikhala ndi khungu la khanda.

Chondivuta kwambiri chinali kuphunzitsa maso msinkhu watsopano. Kaloleka n'kochepa pafupifupi ka 60 poyerekeza ndi lole yeniyeni: sentimita imodzi pano ikuimira masentimita 60 uko. Galimoto yamawaya ilibe lamulo lotere, waya amene wapezeka ndi yemweyo, bola iyende. Kuno chitsulo chogwira tenti chochindikala masentimita atatu chimafuna waya wa theka la milimita. Ndinasenda chingwe chakale cha telefoni n'kupeza wamkuwa woyenera, ndipo popinda timauta tinayi ta tentiyo zala zinakumbuka zokha ntchito ya pa Thondwe. Lona ndinayesa kudula pa kansalu kopukutira thukuta, koma ulusi wake pa msinkhu umenewu unkaoneka ngati zingwe za chiguduli. Chinagwira ntchito ndi tishu wamba woviika m'guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi. Umamuyala ali wonyowa, amalendewera yekha pakati pa timauta monga imachitira lona yolemedwa ndi mvula, akauma n'kulimba. Magalasi, amene chidolechi sichinakhalepo nawo, ndinadula pa kabokosi ka pulasitiki kogulitsiramo mphesa. Matope ndi dothi la kuseri kwa nyumba losakaniza ndi guluu ndi penti yofiirira. Ndinalisefa ndi sefa ya tiyi, ndipo mayi a kunyumba nkhani imeneyo sanaiiwalebe.

M'kati mwa kabini munali kadalaivala kachitsulo, kamene a Meccano anaika pachiwongolero. Soda uja sanakafike chifukwa ndinali nditakachotsa kale. Kanali ndi yunifolomu ya khaki ndi kadontho ka penti yotuwira kumaso, nkhope ya mzungu. Mutu wake wonse ndi wochepa ngati njere ya mphodza, ulibe maso, ulibe pakamwa. Ndinakhala nako m'manja nthawi yaitali kuposa mmene ntchitoyo inkafunira. Chithunzi cha agogo ali msilikali tilibe. Chimene chilipo ndi cha pa ukwati wa amalume mu 1981, ataima kumapeto kwa mzere, dzuwa litawawalira mpaka nkhope sioneka bwino. Ndinasakaniza penti yofiirira ndi yakuda katatu konse, ndikuyerekeza ndi kuseri kwa dzanja langa, kenako ndinachepetsa yakuda chifukwa agogo anali oyererapo kuposa ine. Kupentako kunatenga mphindi imodzi. Ndinaumbanso kachipewa kotambalala ka m'nkhalango, kopindikira m'mwamba mbali imodzi, ndipo yunifolomu ndinaisandutsa yobiriwira monga ankavalira ku Burma.

Chizindikiro cha gulu lawo chinali mutu wa chipembere. Pa kaloleka chimafuna malo osaposa mamilimita atatu. Ndinajambula ndi nsonga ya kamtengo kotokosera m'mano, ndipo maulendo anayi oyamba chinatuluka mbewa. Chachisanu mwana wanga anati chikuoneka ngati galu wa nyanga. Ndinachisiya chomwecho.

Kumbuyo kwa kaloleko kuli timabenchi tiwiri tokhala ndi timabowo, mmene ana ankazikamo tiasilikali tokhala pansi togulitsidwa padera. Ndinali nditaitanitsa kale tisanu ndi kamodzi, n'cholinga chotipenta ngati kadalaivala kaja n'kutikhazika m'mizere, mfuti pakati pa miyendo. Tisanafike, Loweruka lina ndinaimbira amayi pa WhatsApp, mlongo wanga atawagwirira foni. Ndinaika kaloleko pachikhatho n'kukayandikiza ku kamera.

"Amayi, mukuidziwa iyi?"

Anasuzumira, nauza mlongo wanga kuti awapatse magalasi. "Zidole pa msinkhu wakowo? Anthu akumanga nyumba kuno."

"Ndi lole ya agogo. Ya ku Burma."

Anakhala chete. Kenako anandiuza kuti nditembenuze aone kumbuyo, ndipo ndinakweza lona n'kuwafotokozera za asilikali amene akubwera pa positi.

"Okhala tsonga?"

"Eya, m'mabenchimu."

"Ayi, mwananga. Ababa ankati popita ndi pamene anthu ankakhala tsonga, akuimba. Koma iwo ulendo umene unkawabwerera kutulo ndi wobwerera. Ankanyamula odwala malungo ndi ovulala, atawagoneka pansi, ndipo lole ikatitimira m'matope ankamva kubuula kumbuyo koma osatha kuchitapo kanthu. Akafika ankatsitsa ena atazizira kale. N'chifukwa chake sankalola kuyendetsa galimoto ya maliro pamudzi pano, ngakhale anthu ankawanena kuti ndi odzikonda."

Zoti ankakana kuyendetsa maliro ndinkazidziwa, mudzi wonse unkadziwa. Atabwera kunkhondo anayendetsapo lole ya fodya ya mmwenye wina ku Limbe, ndiye pakagwa zovuta anthu ankathamangira kwa iwo, iwo n'kukana, n'kupita kukathandiza adzukulu kukumba manda. Ndili mwana ndinkachita nazo manyazi. Amayi anazisunga zaka zonsezi chifukwa palibe anawafunsa, ndipo inenso sindinawafunse. Ndinangowaonetsa chidole.

Tiasilikali tija titafika ndinakatipereka kwa bambo wa kuntchito uja, amene anatilandira mosangalala n'kutikhazika mu lole yake ina. Timabowo ta m'mabenchi ndinatisiya pululu. Pansi ndinagonekapo timachira titatu, mitengo yake ya waya, nsalu yake ya tishu, ndi timabulangete totuwa totukuka pang'ono pakati. Lona ndinaitsitsa mbali zonse, kumbuyo kokha n'kuipindira m'mwamba theka, moti wofuna kuona zam'kati ayenera kuwerama mpaka diso lifanane ndi tebulo.

Tsopano kaloleko sikaseweretsekanso. Kale mwana akanatha kukaponya pakhoma n'kukatola kali bwino, lero chala chimodzi chikhoza kuthyola galasi kapena kuboola lona. Mwana wanga, amene njinga yake ndinadzamugulira mwezi wotsatira, anapempha kuti akayendetse kamodzi kokha. Ndinamulola patebulo, ine nditatchinga m'mphepete ndi manja onse awiri. Anakakankha pang'onopang'ono kuchoka pa botolo la mchere kufika pa mbale ya shuga, n'kufunsa ngati anthu a kumbuyowo afika kuchipatala. Ndinamuuza kuti akankhebe pang'ono.

Amayi anaimbanso sabata yatha. Akuti ndikamapita mu Disembala ndikatenge, ndikakulunge bwino m'masokosi, akufuna akaonetse achemwali awo a ku Jali maso awo asanatheretu. Anawonjeza kuti chipewacho ndapindira mbali yolakwika.