Chule amene ndinasungitsidwa ku Leicester

Ana a Folomu 2 akhala akundiumiriza chitsegulireni teremu ino kuti ndiwafotokozere za chithunzi chimene anachiona pa foni yanga. Ndi chithunzi cha chule wonenepa, wobiriwira, wa mawanga ofiirira, kamwa lake lotambalala ngati beseni. Ndinawalonjeza kuti ndilemba m'kalata ya sukulu ino kuti makolo nawonso amve, chifukwa nkhaniyi ili ndi mbali ina imene sindikanatha kuikamba bwino m'kalasi anthu akuseka.

Pa tchuthi cha Disembala ndinapita kukaona achemwali anga ku Leicester, m'dziko la England, kumene akhala zaka zambiri. Mwana wawo wamwamuna, wazaka 13, amaweta chule kuchipinda kwake. Ine ndinakulira ku Mangochi, kumene mvula ikangogwa achule amalira usiku wonse kudambo popanda wowadyetsa. Ndiye nditamva kuti chule ameneyu anachita kugula m'sitolo, ndi ndalama zimene anasunga miyezi ingapo, ndinaseka mpaka misozi. Iye sanakhumudwe. Anangondigwira dzanja nati, "Amalume, bwerani mudzamuone Mandasi."

Dzinalo linamuyenera, pakuti ndi wozungulira ngati ndasi lofufuma bwino. Achule a mtundu umenewu kwawo ndi ku South America. Akatswiri amawatcha Ceratophrys, ndipo wa mwanayu ndi wa mtundu wa ku Gran Chaco, chigwa chachikulu chotentha chimene chimakhudza Argentina, Bolivia, Paraguay ndi Brazil. Amati ndi chule wanyanga chifukwa khungu la pamwamba pa maso ake limatukuka ngati tinyanga tiwiri. Amene amawaweta amawatchanso Pacman, potengera kachilombo ka m'masewero a pa kompyuta a mu 1980 kamene kamangokhala kamwa lokhalokha. Wamkazi ndiye amakula kwambiri, kufika masentimita pafupifupi 15, pamene wamwamuna amathera cha m'ma 10. Akasamalidwa bwino amatha kukhala zaka 10.

Chimene chinandidabwitsa choyamba n'chakuti m'nyumba mwake munalibe dziwe. Chule ameneyu sadziwa kusambira bwino, ndipo m'madzi akuya atha kumira. Moyo wake ndi wokumba pansi, kudzikwirira mpaka maso okha atsale kunja, n'kumadikira kuti chakudya chidutse chokha. Pa chifukwa chimenechi safuna malo aakulu. Mwanayu amamusunga m'bokosi lagalasi la masentimita 45 m'litali ndi 45 m'lifupi, lokhala ndi chivindikiro chasefa cholowetsa mpweya. Pansi pake anathira ufa wa makoko a kokonati wokuya masentimita 10, wonyowa ngati dothi la kudimba, loti ukalifinya m'manja limagwirana koma osatuluka madzi ochucha. Miyala ing'onoing'ono saika, chifukwa chuleyu akamalumphira chakudya amameza ndi zonse zimene zili pafupi, ndipo mwala ukhoza kumutseka m'matumbo. Pakona pali kambale kamadzi kosaya, koti akakhalamo madzi amulekeze m'chibwano, ndi khungwa la mtengo lobisalamo.

Anandionetsanso tizipangizo tiwiri tomatidwa pagalasi. Kena kamayeza kutentha, kamene masana kamayenera kuonetsa madigiri 24 mpaka 28, usiku n'kutsikako pang'ono. Kenako kamayeza chinyezi cha mumpweya, chimene chimayenera kukhala pakati pa 60 ndi 80 pa 100 alionse. Kamphasa kamagetsi kotenthetsa anakamata m'mbali mwa bokosi, osati pansi. Nditafunsa chifukwa chake anandiyankha ngati mphunzitsi: chule akamva kutentha amakumba kutsikira pansi kuti akapeze pozizira, ndiye ukaika moto pansipo amakumba kulowera kumoto. Ndipo amakhala yekha. Ukaika awiri, wamkulu amameza wamng'ono, ngakhale akhale m'bale wake.

Zonsezi ndinkamva ndi khutu limodzi, ngati mmene mlendo amamvera mwana akumuonetsa zidole zake. Patangotha masiku anayi mwanayu anadwala m'mimba usiku, ndipo kutacha anamuchita opaleshoni ya apendikisi. Bala linavuta kupola, moti anakhala m'chipatala pafupifupi masabata awiri. Mayi ake ankakhala komweko, bambo ake kuntchito, ine ndi amene ndinalibe chochita. Tsiku lachiwiri, akulankhula movutikira, anandiuza kumene kuli kope lake lolembamo za chule nati, "Amalume, mundisungire Mandasi. Zonse zili m'kopemo." Ndinavomera mosavuta.

Masiku awiri oyamba ndinachita zonse. Ndinkapopera madzi m'bokosimo m'mawa ndi madzulo, n'kusintha madzi a m'kambale. Madziwo si ongotunga pampopi n'kuthira. M'kopemo analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ayambe adonthezedwa mankhwala ochotsa klorini, chifukwa chule samwa ndi pakamwa. Madzi amalowa kudzera pakhungu, makamaka la kumimba, ndipo chilichonse chimene chili m'madzimo chimalowa nawo. N'chifukwa chakenso kambaleko kamayenera kutsukidwa tsiku lililonse, popanda sopo, pakuti chuleyu amachitiramo chimbudzi, ndipo akakhalitsa m'madzi oipawo amadwala.

Tsiku lachitatu kunazizira kwambiri, kuzizira koti ine sindinakuonepo. Ndinamumvera chisoni chule wa kudziko lotentha ngati ine, ndiye ndinakankhira bokosi lake pafupi ndi chitsulo chotenthetsa m'chipinda. Ndinaona ngati ndamuchitira zabwino. Tizipangizo tija sindinatiyang'ane. Kuyambira pamenepo masiku anayamba kundithera m'mabasi opita kuchipatala, kumzikiti ndi kwa anthu a kwathu amene ankandiitana kukadya. Ndikasuzumira m'bokosi sindinkaona kanthu, koma mwanayu anali atandiuza kuti Mandasi amatha kubisala masiku angapo, choncho mawu akewo ndinawasandutsa chifukwa chosavutikira. Kupopera ndinkati ndichita madzulo, madzulo n'kuti ndichita mawa.

Tsiku lililonse ndikafika pabedi pake, tikangopatsana salamu, funso linali limodzi: "Mandasi ali bwanji?" Ine ndinkayankha kuti ali bwino. Sindinkaona ngati ndikunama. Koma ndinkanena chinthu chimene sindinachione, kwa munthu amene analibe njira ina yodziwira kupatula ine.

Tsiku lakhumi, nditaswali Fajr, ndinalowa m'chipindamo n'kuona kambale kali gwa, kouma. Ufa wa kokonati uja unali utayera, ukuyoyoka m'manja ngati gaga. Kachipangizo ka chinyezi kanali katatsika kutali ndi pamene kamayenera kukhala. Ndinafukula pang'onopang'ono ndi zala mpaka ndinamupeza pansi penipeni. Anali wouma, wotuwa, maso otseka, thupi lonse litakutidwa ndi kachikopa kolimba ngati pepala lapulasitiki lakale. Ndinamukhudza, osagwedezeka.

Ndinakhala pansi m'chipindamo nthawi yaitali. Ndivomere pano kuti ganizo loyamba limene linandibwerera linali lofufuza sitolo imene anamugula, ndikagule wina wofanana naye. Ine amene chaka ndi chaka ndimaphunzitsa ana anu za amana, ndiponso kuti Mtumiki (SAW) analetsa sing'anga wina kupha chule pofuna kupangira mankhwala, ndinakhala mphindi zingapo ndikuwerengera mtengo wa bodza. Chimene chinandibweza sichinali kulimba mtima. Ndinangozindikira kuti mwana amene amalemba m'kope tsiku lililonse limene chule wake wadya sangalephere kuzindikira mawanga ake.

Ndinapita kuchipatala ndi chithunzi pa foni. Ndinamuuza zonse, za chitsulo chotenthetsa, za kupopera, ndi zoti masiku onsewo ndinkayankha ndisanaone. Anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali osandiyang'ana ine. Kenaka anafunsa, "Akununkha?" Ndinati ayi. "Miyendo yatambasuka kapena waipinda pansi pa mimba?" Ndinati waipinda. Anapumira m'mwamba. "Sanafe, amalume. Wagona."

Anandifotokozera kuti ku Gran Chaco kumakhala miyezi yambiri yopanda mvula. Nthaka ikayamba kuuma, chuleyu amakumba pansi n'kusiya kutaya khungu lake lakale. Zikopazo zimasanjikizana mpaka kupanga chikuto chotsekera madzi m'thupi, mphuno zokha n'kutsala poyera kuti azipuma, ndipo amagona choncho kudikira mvula. Achule aakulu a kwathu kuno, aja amangotulukira mvula yoyamba ikagwa, amachitanso zomwezo m'chilimwe pansi pa madambo amene timadutsapo tsiku ndi tsiku. Ndinafika zaka zoposa 40 ndisakudziwa kumene amapita. Koma anandichenjezanso kuti kutchire chule amakonzekera tulo timeneti atadya mokwanira, pamene wa m'bokosi akakakamizidwa ndi kuuma kwadzidzidzi akhoza osadzukanso, makamaka akakhala wamng'ono.

Ndinabwerera kunyumba ndi malangizo olembedwa kuseri kwa risiti. Ndinachotsa bokosi pafupi ndi chitsulo chija. Ndinanyowetsanso ufa wonse pang'onopang'ono ndi madzi ofunda pang'ono, opanda klorini. Ndinasamba m'manja, kutsukuluza sopo yense, n'kumunyamula ndi manja onyowa kumuika m'kambale, madzi osafika pamphuno. Anandiletsa kusenda chikopacho ndi zala. Ndinakhala pampando kumuyang'anira kuyambira Dhuhr. Asr itadutsa ndinaona pakhosi pake pakugunda. Chakumadzulo anatsegula diso limodzi, nayamba kudzikanda ndi miyendo, kukankhira chikopa chija kutsogolo mpaka pakamwa, n'kuchimeza chonse. Pansi pake panatuluka kubiriwira kuja kwa pachithunzi. Ndinati Alhamdulillah mokweza moti alamu anga anathamangira m'chipindamo kuganiza kuti kwabwera uthenga wa kuchipatala.

Patapita masiku awiri ndinamudyetsa koyamba, kope lili pambali. Chakudya chake ndi nkhululu, dzombe ndi nyongolotsi, zimene kumeneko amagula zamoyo m'timabokosi. Wamng'ono amadya pafupifupi tsiku lililonse, wamkulu kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo chakudyacho chisakule kuposa m'lifupi mwa mutu wake. Tizilomboto amayamba watigwedezera m'kathumba ka ufa wa kashiamu ndi vitamini D3, chifukwa popanda zimenezi mafupa a chule amafewa, chibwano n'kupindika mpaka kulephera kudya. Mbewa amatha kumeza, koma yapatalipatali, pakuti imamunenepetsa mopitirira muyeso. Podyetsa amagwiritsa ntchito chopanira chachitali. Chule ameneyu ali ndi timano kumtunda ndi tifupa tosongoka kuchibwano chapansi, ndipo chala chikagwedezeka pafupi amachiyesa nyongolotsi. Akagwira satayanso msanga. Nditamusendezera dzombe anakhala ngati sakuliona, kenaka m'kuphethira kwa diso linali litalowa, maso ake akumira m'mutu pothandiza kukankhira chakudya kukhosi. Ndikamaliza ndinkasambanso m'manja ndi sopo, chifukwa achule amatha kunyamula tizilombo totsegula m'mimba totchedwa Salmonella. Pa zifukwa zonsezi si chiweto chonyamulanyamula kapena kusisita ngati mphaka.

Ena mwa inu, ana, mwandifunsa kale ngati mungagwire chule wa kudambo n'kumusunga m'ndowa. Yankho langa ndi lakuti musiyeni kudamboko, kumene amadzipezera yekha chinyezi, kutentha ndi chakudya. Mukangomuika m'ndowa, zonsezo zasanduka ntchito yanu, ndipo iye sangakuuzeni kuti madzi atha. Mbuzi imalira ikamva ludzu, nkhuku zimakutsatira mpaka pakhomo, koma Mandasi anangokumba pansi mwakachetechete ine n'kumati ali bwino. Amene muli ndi akalulu kapena nkhunda kunyumba, tengerani nzeru ya kope lija. Munali mizere inayi yokha pa tsiku: madzi, kutentha, chinyezi, chakudya. Masamba a masiku asanu ndi atatu amene ndinalekerera ndi opanda kanthu, ndipo ndinamupempha kuti asawang'ambe.

Mwanayu anatuluka m'chipatala kutatsala masiku atatu kuti ndinyamuke. Asanavule n'komwe jekete analowa kuchipinda kwake, nagwada movutikira pafupi ndi bokosi, n'kuwerenga tizipangizo tonse tiwiri. Ndinamupepesa kachiwiri pamaso pa mayi ake. Iye anati za chitsulo chotenthetsa sakundiimba mlandu, chifukwa sanazilembe m'kope, ndipo anatenga cholembera n'kuwonjezera mzerewo pomwepo. Za yankho langa la tsiku ndi tsiku lija sananenepo kanthu, ndipo ine sindinafunse.

Masiku ano timalankhulana pa WhatsApp Lachisanu lililonse tikachoka ku Jumu'ah. Ndikamufunsa kuti Mandasi ali bwanji, amati, "Dikirani kaye, amalume, ndikaone," ndipo ndimamva mapazi ake akukwera masitepe.