Nkhwangwa ya wamanzere

Kuno ku Tsangano, Juni akafika, woyamba kukoleza moto m'mudzi ndimakhala ine. Chifunga chimakhala chitakuta mapiri, ndipo opita kudimba kukathirira mbatatesi amayamba apatukira kuchipala kwanga kudzaotha manja. Ndine wosula. Makasu, nkhwangwa, akasemasema, mipeni ndi mikondo zambiri za m'midzi yozungulira ino zidadutsa pansi pa nyundo yanga.

Ntchitoyi ndidaphunzira kwa bambo anga aang'ono tili kothawa nkhondo ku Ntcheu, m'dziko la Malawi. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, tidayamba kubwerera pang'onopang'ono, n'kupeza minda itasanduka nkhalango. Aliyense ankafuna nkhwangwa yoswera mphanje ndi khasu lolimira. Makolo athu Amaravi ankasungunula miyala m'ng'anjo, makasu awo n'kumafika mpaka ku Tete, koma ife chitsulo tidachipeza m'mbali mwa misewu, pa magalimoto amene nkhondo idawotcha. Mpaka lero chitsulo chimene ndimachikhulupirira ndi sipuling'i ya galimoto. Chimalimba, chimasunga kuthwa, ndipo sichinamiza nyundo.

Zida zanga n'zochepa. Posulira ndi chidutswa cha njanji chimene ndidachikhomera pa chitsa. Mvukuto wa chikopa cha mbuzi ndidausiya, tsopano ndimapukusa gudumu la njinga limene limakankha mphepo kudzera m'paipi yomatidwa ndi dothi la pachulu. Makala ndimafuna a mtengo wolimba ngati mwanga, chifukwa a mtengo wofewa amangothetheka n'kusanduka phulusa chitsulo chisanapse. Chitsulo chikafiira mofanana ndi dzuwa lolowa, ndimachitulutsa ndi mbaniro, n'kuchiphwathalalitsa uku ndikukoka msuka, nsonga ija yolowa mumpini. Pomaliza pali kuviika m'madzi, ndipo apa ndi pamene pamadziwika mmisiri. Ukaviika chikadali chotentha mopitirira, nkhwangwa imabenthuka ikangokumana ndi mfundo. Ukachedwa, imapindika kukamwa ngati chitini. Zimenezi palibe amene angakuuze ndi pakamwa. Maso amaphunzira okha, atawononga zitsulo zambiri.

Mwa onse amene adandipukusirapo gudumu, amene sachoka m'maso mwanga ndi mwana wa mlongo wanga. Adabadwa titangobwerako ku Malawi. Adali wamanzere, ndipo akuluakulu adayesetsa kumusinthitsa dzanja podya nsima, koma pogenda ndi potema dzanja lake lidakana. Ali ndi zaka ngati khumi adabwera ndi masipoko awiri a njinga m'thumba, nati, "Malume, mundipindireko mbedza." Ndidamuuza kuti mbedza imagulidwa ndi thukuta. Adapukusa gudumu tsiku lonse osadandaula. Madzulo ndidamupindira mbedza zinayi, ndipo mawa lake adandibweretsera milamba iwiri yotungidwa pa luzi.

Kuyambira pamenepo tidakhala pa msinthano, iye kundiuza za kutchire, ine kumusulira. Mnyamatayo m'nyumba simunkamukwana. Chilimwe akatha kukolola, ankakumba mbewa ndi anzake, kutchera madiwa a nkhwali, kapena kulondola mapazi a kalulu pa lupsa. Mvula ikayamba ankaluka miono ya nsungwi n'kukaitchera pa mathithi a timitsinje totsikira ku Revubwe. Ankadziwa dziwe limene mlamba umabisala m'matope, ndiponso nthawi imene matemba amakwera. Atakula adayamba kupita ku uzimba ndi agalu ake atatu, ndipo ndi iye amene adandiphunzitsa zina za ntchito yanga yomwe. Tsiku lina adabweza mkondo umene ndidausula monyadira. "Malume, ndi wokongola, koma mutu walemera. Nguluwe sidikira kuti munthu akonze dzanja." Ndidauika pamoto kachiwiri, n'kuupepukitsa. Kuchokera apo, munthu akafuna chida, ndimayamba ndamugwira dzanja, kuona kutalika kwa mkono wake, ndi kumufunsa kumene akukachigwiritsa ntchito.

Nkhwangwa yake ndidaisula atapeza mbeta. Mkaziyo adali wa ku Macanga, kufupi ndi ku Furancungo, ndipo monga mwa mwambo wathu mnyamatayo adapita kukakhala chikamwini. Mkamwini wopanda nkhwangwa ndi mlendo chabe. Ndidasankha sipuling'i yokhuthala, ndipo mpini tidakaufuna limodzi kuphiri, wa mfundo yolimba kumutu, wopendekera pang'ono mbali yoyenera dzanja lamanzere. Ndidatenthetsa msuka, n'kuboolera nawo pamfundopo mpaka udakhazikika, utsi uli tolotolo. Adaiyesa pa chipika, nati, "Iyi yokha yandimva." Paja nkhwangwa ikhulupirira mpini.

Ku Macanga adakapeza nkhalango zazikulu kuposa zathu. Ankalima fodya ndi chimanga ngati anzake onse, adamanga nyumba ya njerwa, ndipo Mulungu adawapatsa ana awiri, wamwamuna ndi wamkazi. Koma fodya akalowa m'chigafa, iye mtima unkathawira kumtsinje. Pobwera kuno pa njinga yamoto, kudzera ku Domwe ndi ku Ulongwe, sankafika chimanjamanja. Ankamasula kamtolo ka nsomba zowamba, kapena mwendo wa gwape wofutsa, n'kupatsa mayi ake, kenako n'kudzakhala pa chitsa cha kuchipala mpaka mdima. Nkhani zake zidali za mwana wake wamwamuna, amene adayamba kumunyamula paphewa popita kukavuula miono.

Adali mlenje wa malamulo akeake. Gwape wa bere sankamuponyera mkondo. Ankadana ndi kuthira katupe m'dziwe, ndipo akaona anthu akukokolola tiana ta nsomba ndi neti yogonamo, ankawafunsa kuti chaka chamawa adzadya chiyani. Nthawi ina adandipeza ndikusula misampha ya mano imene amalonda ena adaitanitsa. Adaitembenuza m'manja nthawi yaitali, nati, "Malume, ichi sichisankha. Chimagwira galu, chimagwira mwana wopita kokatola nkhuni." Ndalama yake idali yabwino, makwacha ndi mametikali omwe, koma misampha imeneyo idakhala yomaliza kutuluka m'chipala changa.

Mu Januwale 2022 kudabwera namondwe wa Ana, yemwe uja adadula mlatho wa pa Revubwe pakati pa Tete ndi Moatize. Mvula idagwa usana ndi usiku. Itangopusa pang'ono, iye adatsikira kumtsinje m'mamawa kuti akapulumutse miono yake, poti idali ndiwo za ana ake. Adakoleka nkhwangwa pa nthambi ya mkuyu, n'kulowa m'madzi amene adawadziwa kwa zaka zambiri. Tsiku limenelo madziwo adali ena. Adamupeza patapita masiku awiri, kumunsi, atakodwa m'mabango. Adali asanakwanitse zaka 30.

Uthenga udandipeza ndili ndi khasu pamoto. Ndidalisiya pomwepo mpaka makala adazima okha. Titabwerako kumaliro, mwezi wathunthu sindidakhudze nyundo. Ndinkati ndikayang'ana gudumu lija, ndinkaona kamnyamata ka masipoko m'thumba.

Chaka chatha, nthawi yokolola itadutsa, mkazi wa malemuyo adabwera kudzaona apongozi ake, ali ndi ana onse awiri. Adafika kuchipala, nagwada chapatali, n'kutulutsa nkhwangwa ija m'chitenje. "Malume, yabuntha, ndipo ine imandizonda potema. Mwina mungandisinthireko mpini." Ndidailandira ndi manja awiri. Mpiniwo udali utada ndi thukuta, wosalala ngati wopakidwa mafuta, ndipo pamene pankakhala chala chake chachikulu padali patalowa pang'ono. Zaka zonse zimene ndasula, sindidaonepo dzanja la munthu litatsala pa mtengo momveka chotero.

Ndidawauza mayiwo kuti ndiwasulira ina yogwirizana ndi dzanja lawo, yaulere, koma iyi mpini wake usachoke. Ndili mkati monola, mwana wamwamuna uja adatola kanyundo kanga kakang'ono n'kuyamba kugogoda pa njanji. Adakagwira ndi dzanja lamanzere. Mayi ake adafuna kumuletsa, ine ndidati amuleke.

Nkhwangwayo ndidainola, ndidaipaka mafuta, ndipo ili patsindwi la chipala changa kudikira kuti mkono wa mwanayo utalike. Tidapangana kuti sukulu akatsekera azibwera kuno kwa agogo ake. Ulendo wapitawu adapukusa gudumu mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ndidamupindira mbedza zinayi za masipoko. Ndidamuuza za gwape wa bere, za katupe, ndi za mtsinje wodzaza umene suolokedwa ngakhale ndi munthu woudziwa. Adamvetsera ali chete, kenako adafunsa kuti bambo ake ankakonda kuwedza pa dziwe liti. Mawa lake m'mamawa ndidatseka chipala, ndidamugwira dzanja, tidatsikira kumtsinje kuti ndikamuonetse.