Mmisiri Wopanga Ndege

Ife a ku Domasi timaona ndege za asilikali zikupita kukatera ku Zomba. Mwa ndege zimene dziko lathu linagula munali Dornier 228 ya ku Germany, mtundu umene unayamba kuuluka m'chaka cha 1981. Ana a pa sukulu yanga amasirira woyendetsa, koma ine ndilemekeza koposa mmisiri wolumikiza zitsulo zake.

Mmisiri ameneyu sayesa ndi maso monga tichitira pomanga nkhokwe. Amawerenga chithunzi cha chitsulo chilichonse, nayesa kufikira kachigawo ka milimita. Mabawuti amawamanga ndi sipanala yoonetsa manambala, pakuti akalimbitsa mopitirira amathyoka, ndipo akalekerera amamasuka ndi kunjenjemera kwa injini. Akatsiriza amalemba dzina lake m'buku, ndipo mnzake amayenderanso ntchitoyo. Galimoto ikafa timaikankhira pambali pa msewu, koma mumlengalenga mulibe poima.

Tsono, abambo ndi amayi, musapeputse kuwerenga ndi masamu amene mwayambawa. Luso la manja tili nalo, pakuti makolo athu ankasula makasu ndi nkhwangwa. Koma mwana wosadziwa manambala sangapatsidwe ntchito yosunga miyoyo ya anthu. Atumizeni ana anu ku sukulu, ndipo inunso musaleke.